Funsani Wamawotchi: Kodi wotchi ya agogo ndi ya chaka chiti?

FUNSO: Bambo Wamawotchi, ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza. Agogo anga aamuna, obereka mayi anga, anatisiya chaka chatha, ndipo pogawa katundu ine anandipatsa wotchi yawo yapamkono poti ndine ndinkawadwazika. Ndi yachitsulo choyera. Pankhope pake palembedwa SEIKO, nambala 5 ili m'kachishango, kenako AUTOMATIC ndi 21 JEWELS. Imaonetsa tsiku ndi deti pakawindo kamodzi. Kumbuyo kuli STAINLESS STEEL, WATER RESISTANT, 6119-8083, ndi nambala ina yakuti 1D4827. Ndikaigwedeza imayenda pang'ono kenako n'kuima.

Amalume akunenetsa kuti agogo anaigula ku Halale mu 1958, nthawi ya Chitaganya, ndipo akuti wotchi ya zaka zimenezo ndi ya ndalama zambiri, tiigulitse tigawane. Mayi anga akuti iwo amakumbukira agogo akufika nayo kuchokera ku Joni iwowo ali pasukulu. Nkhaniyi yayamba kutiyambanitsa. Kodi ilipo njira yodziwira zaka zake zenizeni? Nanga ndingathe kumaivala?

Mphunzitsi, Dedza

YANKHO: Aphunzitsi, pepani ndi zovutazo. Mwachita bwino kukopera zilembozo mmene zilili osasiyako n'chimodzi chomwe, chifukwa ambiri amangondilembera kuti "ndi Seiko yakalekale" n'kumadikira kuti ndiwaombezere. Inu yankho mwalilemba kale nokha m'kalata yanuyi. Wotchi ya agogo anu inatuluka m'fakitale mu Disembala 1971. Mu 1958 kunalibe Seiko 5 pena paliponse. Kampaniyo inayamba kupanga mtundu umenewu mu 1963, chaka chomwe Chitaganya chinatha.

Tiyambe ndi 1D4827. A Seiko ndimawayamikira pankhani imeneyi, chifukwa chaka ndi mwezi amazidinda kunja, pachivindikiro chakumbuyo, pomwe aliyense angawerenge osatsegula kanthu. Nambala yoyamba ndi nambala yotsiriza ya chaka. Chotsatira ndi mwezi: 1 mpaka 9 ndi Januwale mpaka Seputembala, ndipo miyezi itatu yotsalayo amailemba ndi zilembo, O ndi Okutobala, N ndi Novembala, D ndi Disembala. Manambala anayi otsalawo amangowerengera mawotchi a mtundu umenewo omwe anapangidwa mweziwo. Ndiye kuti 1D ndi Disembala wa chaka chothera ndi 1.

Koma zaka zothera ndi 1 n'zambiri: 1961, 1971, 1981, 1991. Zili ngati munthu wangokuuzani kuti anabadwa chaka chothera ndi 1, ndiye inu mumayang'ana imvi ndi mayendedwe ake kuti mudziwe kuti ndi 1 wake uti. Apa n'pamene 6119-8083 ikugwira ntchito. Manambala anayi oyambawo ndi dzina la makina amene ali m'katimo, anayi enawo ndi mtundu wa chigoba chake. Makina a 6119 anayamba kupangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo zaka za m'ma 1970 zisanathe anali atasiyidwa, malo ake atatengedwa ndi makina a 6309. Pakati pa zaka zimenezi pali chaka chimodzi chokha chothera ndi 1, ndicho 1971. Mukanandilembera kuti 7S26, ndikanati 2001 kapena kutsogolo kwake, chifukwa makina amenewo anayamba mu 1996.

Pachivindikiro chomwecho pali mboni zina ziwiri. Mawotchi a Seiko a m'ma 1960 ankalembedwa WATER PROOF. Cha m'ma 1970 anasintha n'kuyamba kulemba WATER RESISTANT, malamulo a zamalonda a ku America atakaniza makampani kulonjeza kuti madzi sangalowe m'wotchi mpang'ono pomwe. Yachiwiri ndi kutalika kwa siriyo nambala. Yanu ili ndi zilembo 6, pamene isanafike 1968 ankadinda 7.

Musanapite nayo nkhaniyi kwa akuluakulu, chitani kaye chinthu chimodzi. Chivindikiro chimasinthika. Pabenchi panga pafika mawotchi ambiri amene chivindikiro chake chinatayika kapena kuwonongeka, wokonza wina n'kutola china m'kachitini ka zakufa n'kumangapo. Wotchi yotero imanena zaka za inzake. Ndiye tengani foni, mujambule nkhope ya wotchiyo pamalo owala, mukulitse chithunzicho cha m'munsi, pansi pa 6. Mupeza tizilembo tating'onoting'ono kwambiri toyamba ndi JAPAN 6119. Manambala otsatirawo angathe kusiyana ndi a kumbuyo, zimenezo zisakudetseni nkhawa, chofunika ndi 6119 ameneyo. Fufuzaninso kachizindikiro kakang'ono kooneka ngati kamvuluvulu. Nthawi imeneyo Seiko inali ndi mafakitale awiri opikisana okhaokha: Suwa, ya ku Nagano, ya chizindikiro cha kamvuluvulu, ndi Daini, ya ku Tokyo, ya chizindikiro chonga mphezi. Makina a 6119 ndi a ku Suwa. Mukaona mphezi pankhope, kapena nambala ina monga 7009, ndiye kuti wotchiyo inaphatikizidwa kuchokera ku mawotchi awiri. Tsiku lomwe wokonza adzaitsegule, mumupemphe akuonetseni makinawo. Pamakhala podindidwa 6119 ndi chilembo A, B kapena C. Zitatu zimenezi zikagwirizana, chivindikiro, nkhope ndi makina, mlandu watha.

Tsono zomwe akunena mayi anu zikugwirizana bwino ndi manambalawa. Wotchi yopangidwa ku Japan mu Disembala 1971 ikanafika m'sitolo ya ku Johannesburg kapena ya pafupi ndi mgodi mu 1972 kapena kutsogolo kwake. Zaka zimenezo ndi zomwe Amalawi anachuluka kwambiri kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito ya kumigodiko, oposa 100,000 panthawi imodzi. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Amene anali komweko anayamba kubwera makontirakiti awo akamatha. Anthu amenewo ankafika ndi sutikesi yachitsulo, wailesi, bulangeti lolemera, ena njinga, ndipo pamkono pamakhala wotchi. Seiko 5 inkawakomera chifukwa inali yotsika mtengo poyerekeza ndi za ku Switzerland, sinkafuna kupukusa m'mawa uliwonse, komanso inkapirira thukuta ndi kugunda. Afunseni mayi anu kuti anali Sitandade chani pomwe agogo ankafika. Ndikukhulupirira kuti mupeza chaka cha pakati pa 1972 ndi 1975.

Amalume musawayese abodza. N'kutheka ndithu kuti agogo anakagwirapo ntchito ku Halale m'ma 1950 ndipo anabwerako ndi wotchi, koma inali ina. Amuna ambiri a msinkhu umenewo anayenda maulendo angapo, Halale, Bulawayo, kenako Joni, ndipo wotchi yoyamba inkatha kugulitsidwa chaka cha njala kapena kuperekedwa kwa mphwawo. Mwana amakumbukira kuti bambo ake ankavala wotchi, sakumbukira kuti mawotchiwo anali awiri. Apitireni amalume kunyumba kwawo muli awiri, osati pamaso pa abale onse, muwaonetse manambalawo, ndipo muwafunse za wotchi ya ku Halale ija. Ngati pali zithunzi zakale za agogo, kapena mapepala awo a Wenela atsalako m'sutikesi, muonere limodzi.

Za ndalama, ndinene mosabisa: mulibe. Seiko 5 inapangidwa mamiliyoni ambirimbiri ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Ndi wotchi yabwino kwambiri, ine ndimailemekeza kuposa mawotchi ena onyezimira odula, koma siyosowa. Mukaigulitsa n'kugawana pabanja, aliyense sapeza ndi ya thumba la fetereza yomwe. Ngakhale ikanakhala ya 1958, ukalamba pawokha sukweza mtengo wa wotchi. Chimakweza mtengo ndi dzina, kusowa kwa mtunduwo, ndi kuti zonse zili mmene zinatulukira m'fakitale.

Kuvala mungathe, koma osati lero. Kuyenda pang'ono n'kuima ndi chizindikiro chabwino, chikusonyeza kuti sipuling'i ndi kagudumu kovinavina uku ndi uku m'kati mwa makinamo zili moyo, kungoti mafuta anauma. Mafuta a m'wotchi akatha zaka zambiri amasanduka phula, ndipo mukaikakamiza kuyenda choncho, nsonga za timagudumu zimaperepeseka. Lekani kuigwedeza. Musaidonthezere mafuta a makina osokera, parafini kapena mafuta ophikira. Zonsezi ndazipezapo m'mawotchi, ndipo mafuta ophikira ndiwo oipitsitsa chifukwa amamata kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kamasunga nthawi. Pezani wokonza wodziwa mawotchi a makina, amene amamasula kachitsulo kalikonse, kutsuka, kuthira mafuta n'kumanganso. Masiku ano ndi ochepa. Chibwerereni mafoni, ambiri okhala m'makhonde a masitolo ntchito yawo ndi kusintha mabatire ndi malamba, ndipo ena mwa iwo akalandira wotchi yotereyi amachotsa makina ake n'kuikamo a batire, kenako n'kukuuzani kuti akonza. Mufunseni kaye: "Mumamasula otomatiki?" Akatsegula, jambulani makinawo muli pompo, ndipo munene kuti chilichonse chomwe asinthe akubwezereni chakalecho.

Muwauzenso kuti asapale chigoba ndi sandipepa kapena makina opukutira, asapentenso nkhope. Zokalikakalika zimenezo ndi za agogo anu, ndipo wotchi yopalidwa imataya ngodya zake n'kumaoneka ngati yasungunuka. Asinthe timalabala totchinga madzi, koma ngakhale atero, muziivula pochapa ndi posamba. Ikakonzedwa, mudziwe kuti makina amenewa sakokedwa ndi kabatani kam'mbali. Mukapukusa kabataniko palibe chimachitika, ndipo sikuti yawonongeka, anaipanga choncho. Mumaigwedeza pang'onopang'ono kwa kanthawi n'kuvala, mkono wanu umachita zotsalazo. Deti limasintha mukakankhira kabataniko m'kati. Musachite zimenezi mivi ikuloza pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo mano osinthira deti amakhala atalumana kale ndipo mungawathyole.

FUNSO: Yanga ndi ya malemu bambo anga, amene anagwira ntchito kumigodi ya kopa ku Kitwe. Ndi yaing'ono, yooneka ngati yagolide, yopukusa ndi manja. Dzina lake ndalifufuza pa intaneti osalipeza. Palembedwa 17 JEWELS, INCABLOC, ndi SWISS MADE m'munsi. Muvi wa masekondi uli m'kabwalo kakekake pamwamba pa 6. Manambala ndi mivi zili ndi utoto wofiirira wothetheka. Kumbuyo kwangolembedwa STAINLESS STEEL BACK, ndipo pakati pa timiyendo togwira lamba pali PLAQUE G 20. Siriyo nambala palibe. Munthu wina wandiuza kuti timiyala 17 timeneto ndi tamtengo wapatali, akufuna titsegule tichotse. Nditani?

Wowerenga, Nkhotakota

YANKHO: Achimwene, munthu ameneyo musamupatse wotchiyo. Timiyalato ndi ruby wopangidwa m'fakitale, luso lomwe Mfalansa wina, Auguste Verneuil, analengeza mu 1902. Ntchito yake ndi kukhala pomwe nsonga za timagudumu zimazungulirapo kuti zisadyeke, ndipo 17 ndi chiwerengero chamasiku onse cha wotchi yabwino yopukusa ndi manja. Kamwala kalikonse n'kochepa kuposa njere ya therere, ndipo palibe wogula miyala amene angakupatseni kanthu. Mukachotsa mwapha wotchi, basi.

Golide nayenso ndi wapamwamba pokha. PLAQUE G 20 ikutanthauza kuti chigobacho anachikuta ndi golide wokhuthala mamaikironi 20, kapena kuti mamilimita 0.02. STAINLESS STEEL BACK ikunena kuti chivindikiro chokha ndicho chachitsulo chosachita dzimbiri, kwinako ndi mkuwa wosakaniza. Yang'anani m'ngodya momwe mwaperepeseka, muona chitsulo cha mtundu wina kapena zobiriwira. Wotchi yagolide weniweni imadindidwa 375, 585 kapena 750, kawirikawiri m'kati mwa chivindikiro.

Zaka zake sindingakupatseni mwezi ngati mmene ndachitira ndi Seiko ya aphunzitsi, ndipo aliyense wokuuzani chaka chimodzi motsimikiza atangoiyang'ana kunja akukunamizani. Ku Switzerland kunali timakampani mazanamazana tomwe sitinkapanga makina. Tinkagula makina kwa opanga akuluakulu, zigoba kwina, nkhope kwina, n'kulembapo dzina lawo kapena la sitolo yomwe yaitanitsa. N'chifukwa chake dzinalo simukulipeza. Wotchi yotere timaiwerengera zaka posonkhanitsa zizindikiro. INCABLOC ndi kasipuling'i koteteza kagudumu kovinavina wotchi ikagwa. Kanatulukira mu 1934, ndipo m'ma 1950 makampani ankakonda kulemba dzinalo pankhope ngati chonyadira. Kuchepa kwa wotchiyo ndi kabwalo ka masekondi pa 6 ndi fasho ya m'ma 1940 ndi 1950. Pofika m'ma 1960 muvi wa masekondi unali utasamukira pakati m'mawotchi ambiri, ndipo m'ma 1970 zigoba zinakula n'kukhala zojintcha. Ndiye pali SWISS MADE yopanda chilembo T m'mbali. Kuyambira cha m'ma 1964, mawotchi a ku Switzerland okhala ndi utoto wowala usiku ankalembedwa T SWISS MADE T, kusonyeza kuti utotowo ndi wa tritium. Yanu ili ndi utoto koma T palibe. Zonsezi pamodzi zikuloza zaka za m'ma 1950, mwina kungolowa pang'ono m'ma 1960.

Utoto umenewo ndi womwe ukundidetsa nkhawa. Isanabwere tritium ankagwiritsa ntchito radium, chinthu chotulutsa mphamvu yosaoneka (radiation) yomwe imatha kuwononga thupi. Patatha zaka zonsezi sukuwalanso mumdima, ndipo anthu amaganiza kuti mphamvu yake inatha, pamene chinatha ndi ufa wowalitsawo. Radium imatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake ingotsika ndi theka. Wotchi yotsekeka bwino, ya galasi lathunthu, kuisunga m'kabati kapena kuivala mwa apo ndi apo si nkhani yoopsa kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake likalowa m'kamwa kapena m'mphuno. Musachotse galasi, musapale utotowo, musagone nayo kumutu, ndipo ana asaseweretse. Ngati galasi lili losweka, ikulungeni m'kapulasitiki mumange.

Kuti tichepetse zaka zoganizirazo, wokonza atsegule kumbuyo kokha, pamalo podutsa mphepo, asauzire ndi pakamwa, akatha asambe m'manja. Pansi pa kagudumu kovinavina pamakhala kachizindikiro ndi nambala, zosaoneka popanda kagalasi kokulitsira. Mukaona AS ndi makina a A. Schild a ku Grenchen, FHF ndi a ku Fontainemelon, enanso ndi ETA. Lembani zilembozo ndi nambala yake, mwachitsanzo AS 1130, mufufuze zimenezo pa intaneti m'malo mwa dzina lapankhope, mupeza zaka zomwe makinawo ankapangidwa. Musaiwale kutembenuza chivindikirocho. Okonza akale akatsuka wotchi ankakanda m'katimo ndi nsonga ya singano timanambala tawo, ena ndi deti lomwe. Mbali imeneyi ndi imene ine ndimathamangira kuona ndikatsegula wotchi yakale. Mukapezamo "3/59" wokandidwa ndi dzanja, mwadziwa kuti pofika Malichi 1959 wotchiyo inali itayenda kale mpaka kufuna kutsukidwa.

FUNSO: Ndimakhala ku Johannesburg. Bambo atamwalira anandisiyira wotchi yolembedwa ROLEX OYSTER PERPETUAL. Imayendera batire, muvi wa masekondi umadumpha kamodzi pa sekondi, ndipo ndi yopepuka. Ndingadziwe bwanji chaka chake?

Wowerenga, Johannesburg

YANKHO: Achimwene, mwa zomwe mwafotokozazi, ndikukayika kwambiri ngati ili Rolex yeniyeni. PERPETUAL ndi dzina lomwe kampaniyo imalemba pamawotchi odzikoka okha ndi mkono, ndipo muvi wake wa masekondi umayenda tinjenjemera tating'onoting'ono kangapo pa sekondi, moti m'maso umaoneka ngati ukutsetsereka. Ya batire yomwe anthu amaidziwa ndi Oysterquartz, yomwe inayamba mu 1977 n'kusiyidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Imeneyo imalembedwa OYSTERQUARTZ pankhope, chigoba chake n'changodyangodya, ndipo ndi yolemera m'manja.

Mukafuna kutsimikiza, wokonza achotse lamba. Pa Rolex yakale yeniyeni, pakati pa timiyendo ta mbali ya 12 pamakhala nambala ya mtundu wake, ndipo mbali ya 6 pamakhala siriyo nambala, zozokotedwa mozama ndi mwaukhondo. Siriyo nambalayo ndi yomwe imaloza chaka. Poti muli ku Joni komweko, masitolo ovomerezeka ndi kampaniyo alipo, akhoza kukuonerani. Pakapezeka kuti palibe manambala, wotchiyo ilibe chaka chomwe tingawerenge, ndipo afunseni achibale kuti bambo anayamba liti kuoneka nayo. Kaya ndi yeniyeni kaya ayi, ngati mukuisunga osaivala, chotsanimo batire, chifukwa likatha mphamvu limatuluka madzi amene amadya makina.